Sukulu ina ili pa foni, tiyeni tilowemo

Mawu amene tinayankhula pa msonkhano wa amayi ndi atsikana pa Dedza boma

Kunjaku kukuzizira monga mwa nthawi zonse kuno ku Dedza, ndiye sitichulutsa gaga m'diwa.

Boma lathu lino linatchuka chifukwa cha malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera atsikana kusukulu. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Zonsezo n'zabwino. Koma tinene zoona: pakati pathu alipo amene msinkhu wovala yunifolomu unawadutsa. Ena analemba MSCE, malo ku yunivesite osapezeka. Ena fizi inasowa ali Fomu 2. Kodi amenewa kuphunzira kwawo kwathera pomwepo? Ife tikuti ayi.

Pa intaneti pali maphunziro aafupi osalipiritsa. Malo amodzi odalirika ndi OpenLearn. Eni ake ndi The Open University, yunivesite ya ku Britain yophunzitsa anthu ali kwawo, ndipo anatsegula tsambali mu 2006. Pali makosi mazanamazana: zilankhulo, luso ndi mbiri, chilengedwe, ndalama ndi bizinesi, zaumoyo, za kakhalidwe ka anthu. Ena amatha pa maola ochepa, ena amatenga maola 24 ogawidwa pa masabata 8. Safunsa kuti unakhoza bwanji mayeso. Ukatsegula akaunti ndi imelo n'kumaliza kosi, umatenga chikalata chaulere chosonyeza kuti waphunzira.

Mwina wina akuti, zimenezo zikutikhudza bwanji ife a kuno? Tamvani.

Amayi amene mumagulitsa mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato pa Bembeke kapena pa Chimbiya, kangati mwaweruka thumba lili lodzaza koma osadziwa kuti mpamba ndi uti, phindu ndi liti? Pa OpenLearn pali kosi yotchedwa Introduction to bookkeeping and accounting, yophunzitsa kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka. Mlembi wa banki m'khonde ataphunzira zimenezi, mikangano ya tsiku logawana ingachepe. Amene masamu kapena Chingerezi chinakuvutani, pali Everyday maths ndi Everyday English, zoyambira pansi.

Malire a Mozambique ali pakhomo pathu pomwepa. Ochita malonda kutsidyako amadziwa mmene Chipwitikizi chimafunikira pa mapepala ndi pa zikwangwani. Pulogalamu ya Duolingo imaphunzitsa chilankhulochi mwaulere kwa amene amamva Chingerezi. Chawocho ndi cha ku Brazil, katchulidwe kamasiyanako, koma manambala, mitengo ndi moni mungayambire pamenepo.

Nanga ku Chongoni? Kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa zojambulazo n'zokhudza chinamwali, ntchito ya agogo athu aakazi. Alendo amene amafika kumeneko, kapena ku Kungoni ku Mua, amafuna wowafotokozera. Mtsikana wa kuno amene wawonjezera Chingerezi, mbiri ndi za nkhalango pa zimene anamva kwa agogo ake, ndani angamupose?

Tsopano machenjezo atatu, kuti mawa musadzati tinakunamizani.

Loyamba, chikalata cha kosi yaifupi si MSCE, si dipuloma, si digiri. Chimathandiza pa kalata yofunsira ntchito posonyeza kuti simunangokhala, koma amene mungathe kubwereza mayeso, bwerezani ndithu.

Lachiwiri, mawu oti "ulere" muziwawerenga bwino. Pa Alison, tsamba la ku Ireland, kuphunzira n'kwaulere koma satifiketi amagulitsa. Pa Coursera ndi edX, zimene zinayamba mu 2012, satifiketi nthawi zambiri ndi yolipira. Onani kaye musanayambe.

Lachitatu, akuba. Munthu akakutumizirani uthenga pa WhatsApp kuti tumizani ndalama ya kalembera pa Mpamba kapena Airtel Money kuti akulowetseni kosi yaulere, ameneyo ndi tsinzinamtole. Musapereke nambala yachinsinsi, musatumize chithunzi cha chiphaso chanu.

Zopinga tikuzidziwa. Bandulo ndi yodula. Magetsi amathima. Makosi ambiri ali m'Chingerezi. M'nyumba zambiri foni yaikulu ili m'thumba la abambo, ndipo mayi akamaliza kumunda, kumadzi ndi kukhitchini, maso amakhala atalemera. N'chifukwa chake sitikuti aliyense alimbane nazo yekha. Mutu umodzi susenza denga.

Tikupempha izi. Gulu lililonse la banki m'khonde lisankhe kosi imodzi yokha. Makosi ambiri a OpenLearn amatheka kuwatsitsa ngati PDF, ndiye musonkhe ya bandulo kamodzi, mmodzi atsitse, enawo alandire pa Bluetooth popanda kuwononga ndalama. Mukatha kuponya masheya, khalani ola limodzi. Mtsikana amene anafika Fomu 4 aziwerenga n'kumasulira m'Chichewa, amayi azifunsa ndi kutsutsa pamene zolembedwazo sizikugwirizana ndi za kuno. Wofuna chikalata adzalowa yekha pa akaunti yake kukamaliza kosiyo.

Abambo, foni ija ibwerekeni madzulo awiri pa sabata. Ndalama za pakhomo zikayamba kulembedwa bwino, mudya nawo ndinu.

Tisanabalalike, gulu lililonse litiuze kosi imene lasankha ndi dzina la wowerenga wake. Amene alibe imelo atsalire, tithandizana kutsegula pompano. Tikadzakumananso mwezi wamawa, tidzamve zimene mwaphunzira ndi pamene pakuvutani.