Nyimbo ya munthu amene anakana kuyimba: Salmo 137

Lero tisanthule Salmo 137, ndakatulo ya mavesi 9 okha, yobadwa m'misozi zaka zoposa 2,500 zapitazo.

Cha m'ma 587 Yesu asanabadwe, asilikali a Nebukadinezara anagwetsa Yerusalemu, natentha Kachisi, natengera anthu ku Babulo. Wolemba salmoli akutionetsa akapolo aja ali khuma m'mbali mwa madzi, azeze awo atawakoloweka m'mitengo. Adani akuwauza kuti awasangalatse ndi nyimbo zakwawo. Iwo akukana, pakuti nyimbo za Mulungu si zoseketsa onyoza, ndipo mumtima akuona ngati Mulunguyo anatsalira kwawo m'mabwinja.

Koma taonani chodabwitsa. Munthu uyu akuti sangayimbe kuchilendo, komatu kukana kwakeko ndiko nyimbo imene timawerenga m'tchalitchi mpaka lero. Pofika vesi 7 wayamba kulankhula ndi Yehova mwini. Kodi munthu amaodira panyumba imene akudziwa kuti mulibe mwini wake? Ndiye kuti Mulungu anali komweko, akumva. Mneneri Ezekieli nayenso anaona ulemerero wa Mulungu ali ku ukapolo komweko, pamtsinje wa Kebara.

Mavesi omaliza ndi owawa, wolembayo afika pofunira zoipa ngakhale makanda a adani. Izi sitikuuzidwa kuti titsanzire. Tikuphunzira kuti mkwiyo wake sanaupititse kumanja, anautula kwa Mulungu. Kulira ndi kudandaula pamaso pa Mulungu nakonso ndi pemphero.

Tsono salmoli likutikhudza bwanji ife akumudzi? Ambirife tili ndi ana ku Lusaka. Anachoka ku Katete, ku Petauke, ku Msoro, lero ali m'makomboni a Kanyama, Chawama, George ndi Matero. Lusaka si Babulo, ndipo ana athu sanagwidwe ukapolo, anapita kukasaka. Komabe mtima wa mlendo ndi umodzi. Wina akugulitsa tomato pamsika wa Soweto kuti apeze ya lendi. Wina mvula ikagwa ku Kanyama amagona madzi ali m'nyumba. Mu Januwale 2024 kolera inakula mpaka bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala, ndipo ena mwa ogona m'menemo anali ana a m'midzi mwathu muno.

Mwana wotere akatiyimbira foni nadandaula, timamuyankha chiyani? Kawirikawiri timati, "Walira mvula walira matope." Akasiya kuyimba timamutcha mtchona. Tikamva kuti sapitanso kutchalitchi timati tauni yamudya. Abale, mwina mwanayo wangokoloweka zeze wake. Sanataye Mulungu, pakhosi ndiye pauma.

Mneneri Yeremiya, pa mutu 29, analembera kalata akapolo a ku Babulo. Sanawanyoze. Anawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire, ndipo aupempherere mzinda umene akukhalamo. Kalata yathu lero ndi foni. Sabata ino tiyeni timuyimbire mwana uja. Tisayambe ndi ndalama ya feteleza. Timufunse mmene wagonera, ndipo akayamba kudandaula timuleke amalize. Kenaka timufunse ngati pali mpingo pafupi ndi pamene akukhala, ndi kumuuza kuti dzina lake timalitchula m'mapemphero a Lamulungu. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, koma mwana amakumbuka kwawo ngati kwawoko akumukumbuka.

Tipemphere. Mulungu wathu, amene munamva kulira kwa anthu anu ku Babulo, imvaninso ana athu m'makomboni a Lusaka. Atetezeni ku matenda ndi ku kutaya mtima, ndipo ife mutipatse makutu oleza, kufikira atatsitsa azeze awo ndi kuyimbanso. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.