Nzeru za Malonda Zimatoledwa Pamsika

Pamsika wa Mbulumbudzi, m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Zomba, m'boma la Chiradzulu, sipasoŵa timashopu ta utoto wofiira kapena wobiriŵira momwe anthu amatumizira ndi kulandirira ndalama pafoni. Mayi wogulitsa matimati amalandirira pomwepo ndalama ya feteleza yochokera kwa mwana wake wogwira ntchito ku Limbe. Ambiri amayesa kuti nzeru imeneyi inabadwira mu ofesi ya anthu ophunzira kwambiri, koma mbiri yake ikunena zina.

Mafoni a m'manja atayamba kufala mu Africa, anthu amene analibe buku la kubanki anatulukira njira yawoyawo. Wa kutauni ankagula mayunitsi n'kutumiza kwa mbale wake kumudzi, ndipo mbaleyo ankawagulitsa n'kupeza ndalama. M'chaka cha 2002 ofufuza anaona mchitidwe wotere ku Uganda, Botswana ndi Ghana.

Tsono m'chaka cha 2005 makampani a Vodafone ndi Safaricom anayesa ku Kenya njira yoti anthu otenga ngongole zing'onozing'ono azibweza ngongolezo pafoni. Koma anthuwo anachita zimene eni ake sanayembekezere: ena ankalipirana pa malonda, ena ankatumiza ndalama kwa abale, ena ankaika ndalama m'foni pouyamba ulendo kuwopa akuba, n'kukazitapa atafika. Akuluakulu a makampaniwo sanawadzudzule kuti asokoneza cholinga. Anadekha, naonetsetsa, nasintha cholingacho. Pamene M-Pesa inkakhazikitsidwa m'mwezi wa March chaka cha 2007, uthenga woitanira anthu sunanene za ngongole ayi, koma za kutumiza ndalama kumudzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ku Malaŵi njirayi inafika ndi Airtel Money m'chaka cha 2012, kenaka TNM Mpamba m'chaka cha 2013. Ngakhale dzina lakuti Mpamba linatoledwa pakamwa pa anthu a geni, pakuti mpamba ndiwo ndalama imene wogulitsa nandolo kapena makala amayambira malonda ake, ndipo amaisamala ngati mbewu.

Komabe nkhani yotola nzeru ili ndi mbali yake yowawa, pakuti mwini nzeru nthaŵi zambiri amaiŵalika. Ku South Africa, Nkosana Makate, amene ankagwira ntchito yoŵerengera ndalama ku Vodacom, anapereka ganizo lakuti munthu wopanda mayunitsi azitha kutumiza uthenga waulere wopempha mnzake kuti amuimbire. Kampaniyo inayamba kugwiritsa ntchito ganizolo m'chaka cha 2001, koma mwini wake anayenda m'makhoti zaka zambiri, mpaka khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula mu 2016 kuti kampaniyo ikambirane naye za malipiro.

Makate anali ndi dzina ndi umboni woti n'kupita nawo kukhoti. Munthu amene anayamba kusandutsa mayunitsi kukhala ndalama sadziŵika, ndipo lero mayi wa ku Mbulumbudzi amadulidwa kangachepe nthaŵi iliyonse akamatapa ndalama kudzera m'njira imene osauka anzake anaiyamba. Wotsatsa malonda amene akufuna nzeru yatsopano apite pamsika wa Namitambo kapena wa Mbulumbudzi, akaone mmene anthu akugonjetsera umphaŵi. Akakapindula nayo nzeruyo, asaiŵale kumene anaitola poika mtengo.