Kodi Mkhristu Angapite ku Khoti Banja Likatha?

Kaya muli panjira, kaya mwagona koma tulo sitikubwera, Mulungu akukudziwani. Aleluya!

Usiku uno ndiyankha funso limene limandipeza kawirikawiri: "Abusa, banja langa latha, bambo anditulutsa m'nyumba. Kodi ndikapita kukhoti ndachimwa?"

Ndiyambe ndi kuulula changa. Nditangoyamba utumiki, mayi wina anabwera kwa ine akulira. Mwamuna wake anali atatenga mkazi wina. Ine ndi moto wa unyamata ndinati, "Mayi, salani kudya masiku atatu, za kukhoti zisiyeni, nkhondoyi ndi ya Yehova." Anandimvera. Pasanathe chaka bambo uja anagulitsa nyumba, nyumba imene mayiyo anatungira madzi oumbira njerwa zake. Ana awiri anasiya sukulu. Abale anga, pemphero silinalakwe ayi. Amene ndinalakwa ndine, chifukwa ndinamutsekera khomo limene Mulungu anali atamutsegulira. Ndinalapa, ndipo ndi chifukwa chake ndikulankhula lero.

Mundimvetse bwino, sindikulalikira chisudzulo. Mulungu sakondwera banja likatha. Koma mukawerenga Malaki mutu 2 modekha, muona kuti amene akudzudzulidwa ndi mwamuna wochitira chinyengo mkazi wa ubwana wake. Wina anena za 1 Akorinto mutu 6. Inde, yambirani pakhomo. Itanani ankhoswe, itanani akulu a mpingo, khalani pansi. Koma munthu akakana ankhoswe, akakana mpingo, ana akugona ndi njala, mutani? Paulo yemweyo, munthu wodzazidwa ndi Mzimu, wolankhula malilime, ataona kuti akufuna kumupha anapempha kuti mlandu wake ukafike kwa Kaisara. Kawerengeni Machitidwe mutu 25. Paulo ankadziwa kupemphera, ankadziwanso malamulo. Ameni?

Tsono tiyeni ku mafunso. Ine si loya, ndine m'busa, koma izi ndinazifufuza kuti nkhosa zisamavulale.

Loyamba: "Abusa, ife sitinadalitse kutchalitchi, tilibe setifiketi." Musataye mtima. Lamulo la maukwati la chaka cha 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, ukwati wa kumpingo ndi ukwati wa chinkhoswe. Ngakhale amene anangolowana, ngati akhala limodzi zaka zosachepera 5, khoti lingathe kuunika n'kugamula kuti umenewo unali ukwati. Ndiye munthu asakuopsezeni kuti munalibe mphete.

Lachiwiri: amathetsa ukwati ndani? Ine m'busa ndimadalitsa, koma mphamvu yothetsa ukwati pamaso pa malamulo ndilibe. Uthenga wa pafoni woti "dzipita kwanu" suthetsa ukwati. Ndi khoti limene limagamula, likaona kuti banjalo lasweka moti silingakonzekenso. Ngati ukwati wanu ndi wa chinkhoswe, pitani kukhoti la majisitireti lapafupi, kalaliki akuuzani poyambira, ndipo mnzanuyo adzalandira chisamani. Ankhoswe anu muwatenge, ndiwo mboni zanu.

Lachitatu, limene limaliza anthu ambiri: katundu. Bambo amati, "Ndimagwira ntchito ndine, iwe unkangokhala." Kungokhala? Amene ankadzuka m'bandakucha kuphika ndani? Amene ankalima kumunda, kuchapa, kugona kuchipatala ndi mwana wodwala? Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko lino limati ukwati ukatha mkazi ayenera kulandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, ndi chithandizo choyenera. Lamulo la 2015 lija limauzanso khoti kuti liwerengere ntchito zapakhomo. Choncho sungani mapepala a malo, malisiti, ndi mayina a anthu amene anakuonani mukumanga. Ndipo chonde, musasayine pepala limene simunalimvetse, ngakhale akubweretsereni ndi mawu okoma.

Lachinayi: ana. Apa ndilankhule ndi abambo. Bambo, mkazi mungasiyane naye, koma mwana simungamusudzule. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo lililonse lili ndi udindo wodyetsa, kuveka ndi kuphunzitsa mwana wake, kaya banja lilipo kaya latha. Khoti likamaona kokakhala mwana, limayang'ana chokomera mwanayo, osati amene ali ndi mawu akulu. Lingathenso kulamula ndalama zimene muzipereka mwezi ndi mwezi. Inu mukukweza manja m'kachisi Lamulungu, mwana wanu wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi? Kawerengeni 1 Timoteo mutu 5, mumve zimene Paulo akunena za munthu wosasamala a m'banja lake. Nanunso amayi, musamange mwana kuti asaonane ndi bambo ake pofuna kubwezera. Mwana si chikwapu.

Lachisanu: "Ndilibe ndalama ya loya." Boma lili ndi ofesi ya Legal Aid Bureau, imene ntchito yake ndi kuthandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Ili ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo m'maboma ena iliponso. Akakufunsani za kapezedwe kanu, mukanene zoona. Komanso kwa majisitireti munthu amatha kudziyankhulira yekha m'Chichewa chomwechi.

Lomaliza, ndipo tcherani khutu. Ngati mukumenyedwa, musadikire Lamulungu kuti mudzandiuze. Pitani kupolisi, ku ofesi ya Victim Support, pitani kuchipatala akalembe mabala anuwo. Pali lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, ndipo khoti lingathe kulamula kuti wankhanzayo asakuyandikireni. Ndaikapo maliro a mayi amene ankauzidwa kuti banja n'kupirira. Sindikufuna kuikanso ena. Abambonso alipo amene akuzunzidwa koma akuchita manyazi; lamulo lomwelo ndi lanunso.

Mukamapita kukhotiko, pitani ngati mwana wa Mulungu. Musaname, musawonjezere, musabise katundu kwa achibale. Kukhululuka kukhale mumtima, chilungamo cha ana chikhale papepala. Ziwirizi sizilimbana. Ndipo ngati pakati pa ulendowu Mulungu agwira mtima wa mnzanu n'kulapa moona, khomo la chiyanjano lisatsekedwe.

Tiyeni tipemphere. Ikani dzanja pamtima panu. Atate, m'dzina la Yesu, ndikupereka mayi uyu amene wagona pa mphasa ya achibale usiku uno. Ndikupereka bambo uyu amene sakudziwa poyambira. Pukutani misozi yawo. Apatseni nzeru, apatseni mboni zoona, ndipo woweruza akaweruze mopanda tsankho. Ana awo asasowe nsima, asasowe sukulu. Mutikhululukire ife abusa pamene tinatsekera anthu anu njira. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.

Ambuye akudalitseni. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.