Udzudzu ndi mbiri ya Blantyre

Ine yunivesite ndinaisiyira panjira, choncho ndiyankhula monga mtolankhani chabe.

N'chifukwa chiyani mzinda wathu uli kumtunda kuno? Mu 1862 Bishopu Mackenzie anafa ndi malungo kuchigwa cha Shire, kwinini wake atamira pamene bwato linagubuduzika. Mu 1876 a mishoni ya ku Scotland anasankha mapiri ano, poganiza kuti akuthawa mpweya woipa wa m'madambo. Zoti wofalitsa malungo ndi udzudzu zinadziwika mu 1897. Malo analondola, chifukwa chake anaphonya, koma mzinda unamera.

Nazonso zochita za anthu zimasintha zimene sayansi imapeza. Mu 1993, chaka cha referendamu, Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini n'kuyamba Fansidar, poti tizilombo tinali titamuzolowera. Mu 2005 ofufuza pa Ndirande pompa anapeza kuti kolorokwini wayambanso kuchiza pafupifupi ana onse amene anamulandira. Musathamangire kukamugula: mu 2007 zipatala zathu zinasinthira ku LA.

Kolorokwini anasiyidwa chifukwa madokotala anawerenga ana osachira, nanena, boma n'kumva. Koma Edzi itapezeka mu 1985, boma lomwelo linachedwa kuinena poyera, ndipo manda athu ndiwo mboni. Inu amene munathawira kunja chifukwa cha ndale mukudziwa kuwawa kwa kutsekedwa pakamwa. Tisadzalolenso kuti dokotala aope kunena zimene waona.