Buku Limene Akazi Awiri Anasenza

(Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Chanyanya)

Ndikusimbireni za nyumba yosungiramo mabuku akale imene ndinaiona m'mzinda wa Yerevan, ku dziko la Armenia. Dzina lace ndilo Matenadaran, ndipo muli mabuku zikwizikwi olembedwa pamanja.

Mlendo asanalowe ayamba waona fano lamwala la Mesrop Mashtots, amene anapanga malemba 36 a cinenero ca dzikolo ca m'ma 405. Pambali pace pagwada wophunzira wace, Koryun. Taonani, olandira alendo pakhomo paja ndiwo mphunzitsi ndi mwana wa sukulu.

M'katimo ndinaima nthawi yaitali pa buku la maulaliki locokera ku Mush. Linalembedwa pa zikopa za ana a ng'ombe kuyambira 1200 kufikira 1202, ndipo lilemera monga makilogalamu 28. M'caka ca 1915, pamene anthu a mtundu umenewu analikuphedwa ndi kupitikitsidwa m'midzi mwao, akazi awiri othawa analipeza bukulo. Poona kuti munthu mmodzi sangathe kulisenza, analigawa pawiri. Gawo lina linafika ku Echmiadzin. Linzace linakwiriridwa m'bwalo la calici ku Erzurum, nilipezeka pambuyo pace. Lero magawo onse awiri ali m'nyumba imodzi.

Nanga ife? Zoonadi, ku Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, asunga makalata a David Livingstone. Koma mabuku a maina a ana ndi mabuku a mbiri ya masukulu athu sali kumeneko ai. Ali m'makabati mwathu, momwe ciswe, makoswe ndi cinyezi ca mtsinje wa Kafue zilikuwadya mwakacetecete. Tsiku lina mdzukulu adzabwera kudzafunsa caka cimene agogo ace analowa sukulu. Tidzamuyankha ciani, bukulo litasanduka dothi?

Cifukwa cace ndikupemphani cinthu cimodzi. Mvula isanagwe, yense atsegule kabati ya pa sukulu yace, aumitse mabuku akalewo pamthunzi, awaike m'bokosi lacitsulo losanjikidwa pa njerwa, nalembe maina ao pa pepala, kuti wodzalowa m'malo mwace adziwe cimene walandira. Akazi aja anasenza katundu wao ali pothawa imfa. Ife tifunsidwa tsiku limodzi Loweruka basi.