Pepala la Khansala Musaliponye Mwachisawawa

Amayi ndi atate a mumsika, zikomo posiya matebulo anu pang'ono. Sinditenga nthawi, makasitomala akudikira.

Pa 13 August 2026 adzakupatsani mapepala anayi: la pulezidenti, la MP, la meya ndi la khansala. Ambiri timaganizira loyamba chabe, enawo timangochonga kuti tituluke. Koma levi imene mumalipira tsiku lililonse imapita kuti? Ku khanso. Lamulo la misika la 2007 linaika misika m'manja mwa makhanso. Zinyalala zikaunjikana, ngalande zikatsekeka, chimbudzi chikasowa madzi, ofunsidwa ndi amenewo.

Simunaiwale January 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala cha kolera. Amayi anga amagulitsa tomato. Masabata amenewo anthu ankaopa kugula, katundu anaola, chilimba chinaima.

Manje akabwera ndi chitenge, landirani, n'chovala. Koma mufunseni: ndalama ya levi inagwira ntchito yanji chaka chino? Akayamba kuyimba nyimbo m'malo moyankha, mwamudziwa.

Madzulo ano yang'anani NRC ndi khadi la voti. Ngati munasiya kwa wa kaloba ngati chikole, kaliwomboleni lisanafike tsikulo.