Sukulu ya Chassa: Mbiri Yace ndi Zipatso Zace

Mau a lero anena za sukulu imodzi imene dzina lace lidziwika m'midzi yambiri ya kuno kum'mawa, ndiyo sukulu ya sekondale ya anyamata ya Chassa, iri m'boma la Sinda. Ana ambiri a m'sukulu za m'midzi alakalaka kukalowa kumeneko, ndipo makolo ao agulitsa nshawa ndi thonje kuti awagulire bulangete ndi sutikesi. Nkoyenera tsono kuti mphunzitsi adziwe kumene sukuluyi inacokera, umo iyendetsedwera, ndi gawo la iye mwini pa nchito yace.

Sukulu zoyamba m'dziko lino la Acewa, Angoni ndi Ansenga zinadza ndi amishoni. A Dutch Reformed anakhazika Magwero m'caka ca 1899, Madzimoyo mu 1903 ndi Nyanje mu 1905. Ndipo ansembe a White Fathers anamanga Kachebere mu 1903, nafalikira pang'onopang'ono kunka kumadzulo. M'tisukulu ta udzu ta masiku amenewo ana anaphunzira kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Nthumwi za Phelps-Stokes zitayendera dziko mu 1924, Boma linayamba kupatsa mishoni ndarama zothandizira sukulu. Koma maphunziro a sekondale anacedwa ndithu. Sukulu ya Munali ku Lusaka inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo malo ace anali owerengeka. Mnyamata wa ku Katete wotsiriza Standard 6, ngakhale wanzeru cotani, kawirikawiri anakhala kalaliki kapena mphunzitsi wa pamudzi, pena anatsata anzace ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland citayamba mu 1953, sukulu za Azungu zinali m'manja mwa boma la Citaganya, ndipo za Aafrika zinatsala ndi boma la Northern Rhodesia, limene ndarama zace zinali zocepa.

M'nyengo yomweyo ndimo anafika Abale a Marist. Gulu lao linayambidwa ndi wansembe Marcellin Champagnat pa 2 Januwale 1817, m'mudzi wa La Valla ku France, ndipo colinga cace cinali kuphunzitsa ana a kumidzi amene nkhondo ndi umphawi zinawamana sukulu. Mbiri ya moyo wace inena kuti iye mwini ali mwana anathawa sukulu ataona mphunzitsi alikumenya mnzace popanda cifukwa. Motero analangiza Abale ace kuti alere ana mwacikondi, akhale pakati pao, nagwire nao nchito ya manja. Abale ocokera ku Canada anayamba nchito ku Nyasaland mu 1946, ndipo mu 1954 anafika ku Chassa, m'masiku a Ambuye Firmin Courtemanche, Episkopi wa Fort Jameson, mzinda umene lero uchedwa Chipata. Pa ciyambi cimeneco panamera sukulu ya sekondale yogonera komweko imene ilipo kufikira lero.

Kufunika kwa sukulu yotere kunaoneka poyera pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Zambia analandira ufulu wodzilamulira. Dziko lonse linali ndi Aafrika ngati 100 okha otsiriza maphunziro a yunivesite, ndipo ana a m'sukulu za sekondale sanafike 14,000. Maofesi, zipatala ndi makhoti zinasowa anthu. Boma la Dr Kenneth Kaunda linamanga sukulu zatsopano m'maboma ambiri, nilitsegula University of Zambia mu 1966. Koma pa zaka zoyambazo linadalira kwambiri sukulu zimene zinalipo kale, monga Chassa, Chizongwe ndi zina, kuti zitulutse msanga anyamata oyenera nchito.

Apa mpofunika kumvetsa kayendetsedwe ka sukuluyi, pakuti anthu ena aiyesa ya Boma, ena aiyesa ya Mpingo wokha. Coona ncakuti iri ya onse awiri. Malo ndi nyumba ziri za Mpingo, ndipo eni ace ali ndi mau pa utsogoleri ndi mwambo wa pasukulu. Boma ndilo lilipira aphunzitsi, lipereka thandizo la ndarama, lituma oyendera sukulu, niliika maphunziro ndi mayeso. Mwana wa mpingo uli wonse akhoza kulowa ngati wasankhidwa. Lamulo la maphunziro la mu 1966 linacepetsa mphamvu za mishoni, ndipo m'zaka zotsatira mipingo inapereka sukulu zambiri za pulaimale kwa Boma. Koma sekondale monga Chassa, St Monica's ya asungwana ku Chipata, ndi Katete ya Reformed Church in Zambia zinatsala m'manja mwa eni ace. Mu 1993 Boma linaika malamulo atsopano opatsa sukulu zothandizidwa mabungwe ao oziyendetsa. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Chassa lasenzedwa ndi Boma, Mpingo ndi makolo pamodzi.

Zaka zonse sizinali za mtendere. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, cuma ca dziko cinalowa pansi. Mabuku anasowa, cakudya ca ana ogonera cinabvuta, ndipo aphunzitsi ambiri anacoka kukafuna malipiro m'maiko ena. M'caka comweco Boma linalamula kuti sukuli iri yonse ikhale ndi munda kapena nchito yina yopindulitsa. Kwa sukulu imene mwambo wace unali kale wolemekeza khasu, lamuloli silinali lacilendo.

Nanga zipatso zace nzotani? Coyamba ndico kukhalitsa: mu 2024 zinakwana zaka 70 cifikire Abale, ndipo sukulu yapyola masiku a Citaganya, a cipani cimodzi ndi a zipani zambiri. Caciwiri ndiyo mbiri yabwino pa mayeso, kuyambira m'masiku a Cambridge kufikira a Examinations Council of Zambia, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1983. Cacitatu, coposa zonse, ndiwo anthu: ana a alimi amene makolo ao sanagwirepo pensulo, koma iwo anakhala aphunzitsi, madokotala, ansembe, alangizi a zaulimi ndi akulu a m'maofesi, naphunzitsanso abale ao.

Koma sukulu ya sekondale ingokolola pamene wina anabzala. M'mera mpoyamba. Mnyamata wofika ku Chassa osadziwa kuwerenga momvetsa adzabvutika zaka zace zonse, ngakhale aphunzitsi ace akhale aluso. Ndipo mwana wanzeru amene analeka sukulu ali m'kalasi lacitatu kuti akawete ng'ombe sadzaona konse cipata cace. Cotero zinthu zitatu zigwera mphunzitsi wa pamudzi. Aphunzitse kuwerenga mosafulumira, poyamba m'cinenero ca mwana, kufikira wotsalira yemwe atagwira. Atsate mwana wojomba kwao, nakambe ndi makolo ndi anyakwawa mwaulemu. Ndiponso adziwitse makolo njira za thandizo: mu 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira kumapeto kwa sekondale, koma ndarama za cigono zinatsala, ndipo ana osowa akhoza kupempha thandizo ku thumba la citukuko la dera lao. Makolo ambiri a ku Vubwi ndi Sinda, maboma amene anakhazikitsidwa mu 2012, sadziwa kulemba pempho lotere. Mphunzitsi ndiye kalaliki wao.

Asungwana asaiwalike. Chassa ilandira anyamata okha, ndipo mudzi umene utuma ana amuna ku sekondale nukwatitsa alongo ao ali ang'ono uyenda ndi mwendo umodzi. Malo m'sukulu zochuka ali ocepa, ndipo ana ambiri adzapita ku sekondale zoyendera za pafupi ndi kwao; nawonso ayenera maziko omwewo.

Dzina la mphunzitsi wa kalasi loyamba sililembedwa pa setifiketi ya mwana wotsiriza ku Chassa. Komatu pa cilembo ciri conse ca mwanayo pali dzanja lace. Sukulu zatsegulira, ndipo m'kalasi liri lonse muli mwana amene njira yace iyambira pa bolodi la mphunzitsi wace.